Matenda Awiri M'thupi Limodzi

Matenda a COVID-19 anapezeka koyamba m'Malawi pa 2 April, 2020. Matendawa amagwira chifuwa, koma ena mwa odwala amene anagonekedwa m'zipatala za m'maiko osiyanasiyana anapezeka alinso ndi nthenda ya m'mimba, monga kamwazi kapena njoka.

Choopsa chake ndi ichi. Wodwala akayamba kubanika, dokotala amampatsa mankhwala otchedwa dexamethasone. Mankhwalawa apulumutsa anthu ambiri, koma amafooketsa chitetezo cha thupi. Tsono pali mtundu wina wa njoka zazing'onozing'ono, dzina lake Strongyloides, zimene zimalowera pakhungu munthu akaponda dothi loipitsidwa ndi chimbudzi. Njokazi zikhoza kukhala m'matumbo zaka zambiri osadziwika. Chitetezo chikafooka zimaswana kwambiri, nizifika m'mapapo, ndipo munthu akhoza kufa nazo.

Kuno ku Mulanje mvula imachuluka, ndipo dothi lachinyezi ndilo limasunga njokazi. Namondwe Freddy mu March, 2023, anagwetsanso zimbudzi zambiri.

Chifukwa chake kumbukirani izi:

1. Mukatengera wodwala chifuwa ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Mulanje Mission, muuzeni dokotala ngati wodwalayo akutsegula m'mimba, akumva kupota, kapena khungu likumuyabwa. Musachite manyazi.
2. Musagule dexamethasone panokha.
3. Valani nsapato popita kumunda ndi kuchimbudzi.
4. Banja lililonse likumbe chimbudzi.

Aphunzitsi, fotokozerani ana zimenezi kuti akauze makolo awo.