Galimoto Ikakalamba: Kuikonzetsa Kapena Kugula Ina?

Kuseri kwa maofesi, m'mipanda ya zipatala ndi m'makomo mwa amalonda mumapezeka galimoto zomwe zakhala pamiyala kwa miyezi, zina kwa zaka. Matayala anachoka, udzu unamera pansi pake, ndipo nkhuku zinapezamo poikira mazira. Galimoto iliyonse yotere inali ndi nthawi imene ikanakonzeka ndi ndalama zochepa, kapena kugulitsidwa pa mtengo wabwino. Nthawiyo inadutsa chifukwa panalibe amene anakhala pansi n'kuwerengera.

Phunziroli likulunjika kwa makhansala, akuluakulu a nthambi za khonsolo, makomiti a makopaletivi, mipingo ndi mabungwe, komanso aliyense amene galimoto ndiyo khasu lake. Mfundo yake ndi yakuti galimoto imaweruzidwa ndi zinthu ziwiri: ndalama zimene ikudya pa chaka, ndi masiku amene ikulephera kugwira ntchito. Chaka chimene inapangidwa chimabwera pambuyo pa ziwirizi.

Chifukwa chake funsoli lalemera

Galimoto zonse zoyenda m'misewu ya dziko lino zimachokera kunja. Zambiri zimagulidwa ku Japan, zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa pa chipata cha Songwe ku Karonga, pomwe zina zimachokera ku South Africa n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Zonsezi zimalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya galimoto inakwera kwambiri. Mitengo ya masipeya, matayala ndi oilo nayo inakwera chimodzimodzi. Motero wosunga yakale ndi wogula ina onse akumva kuwawa, ndipo kulakwitsa chisankho kukuluza ndalama zambiri kuposa kale.

Komanso galimoto imene ambiri amaitcha yatsopano imakhala kuti inayendako kale kwina. Ku Japan lamulo limafuna kuti galimoto ipimidwe ikatha zaka 3, kenako pa zaka 2 zilizonse, ndipo kupimitsako n'kodula, choncho eni ambiri amangogulitsa. Galimoto zotere zimafika zikuwala, koma zambiri zinapangidwira misewu ya phula. Pamwamba pa mtengo wogulira pamabweranso ndalama zoinyamulira ndi msonkho wa ku MRA, womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo.

Poyambira ndi buku

Palibe chisankho chanzeru chimene chingachitike popanda zolemba. Galimoto iliyonse iyenera kukhala ndi buku lake momwe dalaivala amalemba makilomita a ulendo uliwonse, malita a mafuta amene athiridwa, chimene chakonzedwa, mtengo wake, ndi masiku amene galimotoyo yaima. Munthu amakumbukira msanga tsiku limene injini inamuzimira pakati pa mtsinje, koma amaiwala miyezi imene galimoto yomweyo inayenda bwinobwino. Buku siliiwala ndipo silikondera. Zolemba za miyezi 12 zimakwanira kuyankha mafunso anayi otsatirawa.

Zinthu zinayi zoyenera kuwerengera

Choyamba ndi mafuta. Mwachitsanzo, galimoto yoyenda makilomita 24,000 pa chaka, ngati imayenda makilomita 8 pa lita, imamwa malita 3,000. Ina yoyenda makilomita 12 pa lita imamwa malita 2,000 pa mtunda womwewo. Kusiyana kwa malita 1,000 kukachulukitsidwa ndi mtengo wa mafuta wa tsikulo, mwini galimoto amaona zimene angapulumutse. Koma ngati galimotoyo imangoyenda makilomita 6,000 pa chaka, kusiyanako kumatsika kufika pa malita 250, omwe sangabweze ndalama zogulira ina. Yoyenda maulendo ochepa kawirikawiri ndi yofunika kuisunga.

Chachiwiri ndi zokonzetsa, ndipo pano ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Matayala, mabuleki, batire, mashoko, oilo ndi mafyuluta zimatha chifukwa cha kuyenda, ndipo galimoto yogulidwa lero nayo idzazifuna. Zimenezi si umboni wa ukalamba. Umboni weniweni ndi matenda aakulu obwerezabwereza: injini yomwa oilo ndi kutulutsa utsi, giyabokosi yodumpha magiya, kutentha kwa injini kosatha, ndi mawaya opserera. Vuto lalikulu limodzi, likakonzedwa bwino, lingapatse galimoto zaka zina zingapo. Koma ngati lero ndi ichi, mwezi wamawa ndi china, ndalama zikuthiridwa m'dengu lobooka.

Chachitatu ndi masiku oima, omwe salembedwa pa lisiti iliyonse ngakhale kuti ndiwo odula kuposa zonse. Lole ya kopaletivi ikaima m'nyengo yokolola, alimi amachita hayala kapena amagulitsa mbewu zawo kwa mavenda pa mtengo wolira. Galimoto ya alangizi ikaima, midzi siyenderedwa ndipo ntchito zachitukuko zimamangidwa popanda woziyang'anira. Ambulansi ikaima usiku umene mayi woyembekezera akufunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu, chotayika sichiwerengeka ndi kwacha. N'chifukwa chake muyeso sungakhale umodzi. Galimoto yonyamula njerwa ingapiriridwe ngakhale ikuvutavuta, koma yonyamula odwala iyenera kukhala yodalirika tsiku lililonse. Nthawi zina nzeru ndi kuisintha ntchito: yakale ipite ku maulendo aafupi, ina itenge ntchito yosafuna kuchedwa.

Chachinayi ndi mtengo wa ndalama zogulira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wogula pa ngongole amalipira chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, kaya galimoto yagwira ntchito kaya ayi, ndipo obwereketsa amafuna inshuwalansi yoteteza galimoto yonse, yomwe ndi yokwera kuposa yoteteza anthu ena okha. Ndalama zobweza pa chaka ziikidwe pambali pa ndalama zokonzetsera yakale pa chaka. Kawirikawiri anthu amadabwa kuona kuti kukonzetsa kumene amadandaula nako n'kochepa poyerekeza ndi ndalama zobweza ngongole.

Pamene masamu alibe mawu

Pali zilema zimene sizifuna kukambirana. Chesesi yosweka kapena yodyeka ndi dzimbiri, chiwongolero chosamvera, ndi mabuleki okanika kukonzeka ndi zizindikiro zakuti galimoto yafika pamapeto. Kuwotcherera chesesi mobwerezabwereza n'kuika miyoyo ya okwera pachiswe. Galimoto imene ikulephera kupeza chiphaso cha COF ku nthambi yoona za pamsewu isabwerere pamsewu mwa njira zachidule. Chimodzimodzinso galimoto imene masipeya ake sapezeka m'dziko muno, mpaka kudikira miyezi kuti afike, yasanduka mtolo ngakhale thupi lake likuoneka labwino.

Ngati chisankho ndi kugula

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Wogula ayambe wayang'ana msewu umene galimotoyo izidzayenda, makamaka kuyambira Novembala mpaka Epulo pamene misewu yafumbi imasanduka matope. Galimoto yotsika mimba imene imakoma m'tauni singapirire makwawa ndi mitsinje yopanda milatho. Mitundu ngati Toyota Hilux ndi Land Cruiser inazika mizu m'maboma chifukwa amakaniko ambiri amaidziwa ndipo masipeya ake amapezeka. Galimoto zamakono zoyendera mafuta ndi batire zimamwa pang'ono, koma zikadwala zimafuna kupimidwa ndi kompyuta, ndipo katswiri wake angakhale ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu.

Makilomita olembedwa pa wotchi ya galimoto asakhulupiriridwe okha, chifukwa amatha kubwezedwa m'mbuyo. Makaniko wodalirika, wosakhala mnzake wa wogulitsa, ayang'ane injini ndi kunsi konse. Manambala a injini ndi chesesi afanane ndi olembedwa m'bulubuku, mapepala a msonkho akhale okwanira, ndipo umwini usinthidwe mwamsanga.

Galimoto za boma

Galimoto ya khonsolo ndi chuma cha anthu onse, choncho munthu mmodzi sangagamule kuigulitsa kapena kugula ina. Malamulo a kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, amafuna kuti katunduyo aunikidwe, mtengo wake udziwike, ndipo agulitsidwe poyera, monga pa okushoni. Ndondomekoyi imateteza chuma cha anthu, koma imafuna kuyambidwa msanga. Galimoto ikaima nthawi yaitali, batire limafa, matayala amang'aluka, ndipo ziwalo zake zimayamba kuchotsedwa kuti zikapulumutse zinzake, mpaka chotsala ndi chigoba chogulidwa pa mtengo wa zitsulo. Popeza chaka cha zachuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo, nthambi iliyonse ikuyenera kupereka mbiri ya galimoto zake bajeti isanakonzedwe, kuti komiti ya zachuma idziwe zoti zikonzedwe, zoti zigulitsidwe ndi zoti zilowedwe m'malo. Makopaletivi ndi mabungwe nawo apatule kangachepe pa ulendo uliwonse wolipidwa, kuti tsiku losintha galimoto lidzawapeze ali ndi poyambira.

Mafunso okambirana m'makomiti

1. Kodi galimoto iliyonse ili ndi buku, ndipo ndani amaliwerenga mwezi ukatha?
2. M'miyezi 12 yapitayi, inaima masiku angati, ndipo ndi ntchito ziti zimene zinalephereka?
3. Pa ndalama zokonzetsera, ndi zingati zinapita ku zinthu zotha ndi kuyenda, ndipo ndi zingati ku matenda aakulu?
4. Ngati pali galimoto imene ili pamiyala, ndani wapatsidwa udindo woyambitsa ndondomeko yake, ndipo adzapereka lipoti pa msonkhano uti?