Mawu amene madzi sangakokolole: kuloweza Malemba pakhomo

Aliyense amene anali kuno ku chigwa cha Shire mu Januwale 2015, kapena mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anatigwera, akudziwa chomwe munthu amanyamula madzi akalowa m'nyumba pakati pa usiku. Umabereka mwana, n'kugwira agogo pamkono, ndipo ukachita mwayi umatolako kathumba ka ufa. Mabaibulo ambiri anatsala. Obwerera madzi ataphwa anakapeza buku lasanduka chibuma cha matope, masamba atamatirirana. Koma m'misasa, ku Bangula ndi m'masukulu momwe anthu anathawira, mapemphero sanaime. Amene ankalimbitsa anzawo mitima ndi aja anali ndi Mawu pamtima, otha kunena salimo lonse mumdima popanda buku m'manja.

N'chifukwa chake kuloweza Malemba ndimakuona ngati ntchito ya pakhomo, yofanana ndi kusunga mbewu ya chaka chamawa. Ambirife tinalowezapo mavesi ku Sande sukulu, ku kalasi kapena ku Sabata sukulu, tinawalakatula pamaso pa mpingo, anthu n'kuomba m'manja. Lero tikafunsidwa timangokumbukira mawu awiri oyambirira. Timati mutu wakalamba. Ayi, mutu ulibe mlandu. Vesi lija tinalidzala koma sitinabwererenso kukalithirira, ndipo wa kudimba aliyense akudziwa chimene chimachitikira mbewu yosathirira mu Okutobala. Ntchito yeniyeni ili pa kubwereza.

Musanayambe, gwirizanani pabanja za Baibulo limodzi loti muzilowezamo. Pa Chichewa tili ndi angapo. Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, linatuluka mu 1922, ndipo ndi lomwe akuluakulu ambiri analiyamwira. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera, lomasuliridwa mogwirizana pakati pa mipingo m'Chichewa chosavuta, linatuluka mu 1998. Liliponso la Chisena. Onsewa ndi abwino, koma mukamaloweza lero m'limodzi mawa m'lina, mawu amasokonezana ndipo palibe chimene chimakhazikika. Tengani lomwe limawerengedwa kutchalitchi kwanu, kuti chimene khutu lamva Lamlungu kapena pa Sabata chizikumana ndi chimene chili kale m'mutu. Ngati pakhomo mumayankhula Chisena kapena Chimang'anja koma buku lanu ndi la Chichewa, lowezani monga lalembedwera, kenaka wina alifotokoze m'chiyankhulo cha pakhomo. Mwana wotha kufotokoza vesi m'Chisena chake ndiye kuti walimvetsa.

Vesi limodzi pa mlungu likukwana. Musachite dyera. Chaka chili ndi milungu 52. Mukachotsapo ya maliro, ya matenda ndi ya ntchito yothina ya kumunda, mutsala ndi milungu ngati 40. Poti mlungu wachinayi uliwonse udzakhala wongobwereza, ndiye mavesi 30 pa chaka, zaka zisanu ndi mavesi 150, ndipo ndi akhristu ochepa amene ali ndi chuma chotere. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Muyambire pa mawu okhudza moyo womwe mukukhala. Ife okhala pakati pa Shire, Ruo ndi Mwanza, Yesaya 43:2 amatiyankhula mwachindunji, pakuti akunena za kuoloka madzi ndi mitsinje Mulungu ali nawe. Salimo 121, la mavesi 8 okha, limatchula dzuwa la masana, ndipo wa ku Ngabu safunika womufotokozera kuti dzuwalo n'lotani. Habakuku 3:17-19 ndi pemphero la munthu amene munda wake wakanika ndipo khola lake lili mbee, koma akukondwerabe mwa Mulungu. Kwa ana aang'ono, Salimo 117 lili ndi mavesi 2 basi, ndipo mwana amanyadira kwambiri kunena kuti akudziwa salimo lathunthu. Pambuyo pake Salimo 23, la mavesi 6, lomwe mnyamata woweta mbuzi amalimva msanga kuposa ife. Ine ndimakonda kuti banja liloweze ndime yotsatana, vesi limodzi pa mlungu mpaka salimo lithe, kusiyana n'kutola apa ndi apo, chifukwa vesi lililonse limakoka linzake ngati mikanda pa ulusi.

Tsiku loyamba musathamangire kuloweza. Werengani mutu wonse momwe muli vesilo, mudziwe amene akuyankhula ndi amene akuuzidwa. Manambala a mavesi anabwera mochedwa: m'Chipangano Chatsopano anawaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Paulo polemba makalata ake sankadula mawu m'tizidutswa. Afilipi 4:13 timakonda kuilemba pa minibasi ndi pa okala ngati lonjezo la kupambana pa chilichonse, chonsecho mavesi a pamwamba pake akuonetsa munthu wa m'ndende amene waphunzira kukhala ndi njala ndiponso kukhuta. Vesi lozulidwa pamalo pake limanena zomwe mwini wake sananene.

Mukatero liduleni m'zigawo zazifupi, zotha kunenedwa ndi mpweya umodzi. Wotsogolera anene chigawo choyamba, onse abwereze mokweza kasanu. Chachiwiri chimodzimodzi, kenaka mulumikize ziwirizo. Muzitchula dzina la buku, mutu ndi vesi poyamba ndi pomaliza, chifukwa manambala ndiwo amathawa msanga. Ana a sukulu alembe vesilo pansi ndi kamtengo, ndiye muzifufuta mawu amodziamodzi ndi phazi iwo akunenabe, mpaka pansi patsale poyera. Masewerawa amawakonda, ndipo satenga mphindi zoposa khumi.

Tsopano pa kubwereza, pomwe pali mtima wa nkhaniyi. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasindikiza mu 1885 zomwe anapeza atadziyesa yekha: chinthu chongophunzira kumene chimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, koma ukachibwereza chimayamba kuchedwa kuiwalika. Makolo athu anazidziwa kale poona madzi, nati madzi saiwala khwawa. Pomwe adutsa kawirikawiri amakumbapo njira. Choncho vesi latsopano limafuna kubwerezedwa pafupipafupi, lakale mwa apo ndi apo, koma osalisiyiratu.

Njira yosavuta ndi ya zitini zitatu. Dulani timakadi kuchokera ku katoni ya sopo. Mbali imodzi lembani dzina la buku ndi manambala, mbali inayo vesi lonse. Chitini choyamba ndi cha tsiku ndi tsiku: vesi latsopano likhale m'menemo milungu iwiri, likunenedwa m'mawa ndi madzulo. Likamatuluka pakamwa mosadodoma, lisamukire m'chitini chachiwiri, chomwe chimatsegulidwa kamodzi pa mlungu, tinene pobwera kutchalitchi. Pakatha miyezi iwiri lipite m'chachitatu, chotsegula kamodzi pa mwezi. Chikadzadza, muzigawa: ena mlungu woyamba wa mwezi, ena wachiwiri. Lamulo lake ndi limodzi. Wotenga khadi aone mbali ya manambala yokha, ayese kunena, ndipo atembenuze pokhapokha atamaliza. Kungowerenga mobwereza kumanyenga, chifukwa maso amazindikira mawu ndipo munthu amayesa akuwadziwa. Kuvutika kuja kofufuza m'mutu ndiko kumakumba khwawa. Vesi likakanika, libwerere m'chitini choyamba popanda womunyoza.

Mlungu wachinayi uliwonse musaonjezere vesi. Ukhale wongobwereza.

Nthawi yake musaifunefune patali. Deuteronomo 6:6-9 amalangiza makolo kukamba mawu a Mulungu ndi ana awo ali khale pakhomo, akuyenda m'njira, pogona ndi podzuka, ndipo kwathu kuno nthawi zoterezi n'zambiri. Mzere wa pamjigo ndi wautali. Msewu wopita kudimba ndi wautali. Wopalasa kabaza pakati pa Nchalo ndi midzi yozungulira ali ndi maola ambiri a iye yekha. Mwana woinga mbalame m'munda wa mapira amakhala tsiku lonse akufuula. Bwanji osafuulako vesi la mlunguwo? Posinja, kugunda kwa munsi kumapereka kale kayendedwe ka mawu. Ndipo m'miyezi yotentha, pamene m'nyumba simulowedwa mpaka usiku ndipo banja lonse lili pamphasa panja, imeneyo ndiyo nthawi yabwino koposa ya chitini choyamba. Mangani vesi pa ntchito yomwe mumachita kale tsiku lililonse, poti ntchitoyo siiwalika.

Osadziwa kuwerenga asatsale. Nthawi zambiri iwowa ndiwo amaposa tonse, chifukwa moyo wawo wonse akhala akusunga zinthu m'mutu: nthano, nyimbo za pamtondo, mibadwo ya pamtundu. Mdzukulu awerenge, agogo abwereze, ndipo pakapita masiku mudzamva agogo akukonza mdzukulu yemweyo: "Iwe, wadumpha mawu pamenepo, bwerera." Naye mwana amati, "Agogo, nenaninso ndimve." Chimodzimodzi osaona. Ku Lulwe m'boma la Nsanje, kumene amishoni a South Africa General Mission anayamba ntchito mu 1900, kuli sukulu ya ana osaona, umboni woti kuphunzira sikudalira maso okha. Ngati pali foni yojambula mawu, wina ajambule vesilo mofatsa kuti lizimvedwa popanda intaneti. Kuliika m'nyimbo kumathandizanso. Tengani kayimbidwe kosavuta ka kwanu komweko, bola musasinthe mawu kuti akwane m'nyimbo.

Koma kuloweza kokha sikukwanira, ndipo pano ndikufuna ndichedwepo. Mu Mateyu 4, Satana naye anatchula Salimo 91 poyesa Yesu. Munthu angathe kukhala ndi mavesi mazana m'mutu mtima wake uli gwa. Chimene Yoswa 1:8 ndi Salimo 1 amalimbikitsa ndi kusinkhasinkha, ndipo mawu a Chihebri omwe ali pamenepo amanena za kung'ung'udza chapansipansi, munthu akudziyankhulira yekha. Taonani ng'ombe zathu masana zikagona pansi pa mtengo. Udzu zinadya m'mawa mothamanga, koma tsopano zikubzikula, kuubweza ndi kuutafunanso modekha, ndipo m'menemo ndimo mumachokera mkaka. Vesi loloweza ndi udzu wa m'mawa uja.

Kubzikula kwake kumatere. Nenani vesilo pang'onopang'ono kangapo, ulendo uliwonse mukutsindika mawu ena, mumve chimene chikusintha. Dzifunseni chimene likuonetsa za Mulungu, ndi chimene likufuna kwa inu lero lino, osati chaka chamawa. Ngati ndi Aefeso 4:26, wonena za mkwiyo wosayenera kufika nawo kolowa dzuwa, funso ndi lakuti kodi pali mlamu kapena mnansi amene simunayankhulane naye chichokereni mkangano wa malire a munda. Kenaka sandutsani vesilo pemphero m'mawu anuanu, mukutchula maina a ana anu, ngongole yomwe ikukusowetsani tulo, wodwala amene ali kuchipatala. Pomaliza khalani chete kanthawi. Ambirife kukhala chete kumativuta, timafuna kudzaza mpata ndi mawu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamphasa madzulo, bambo kapena mayi afunse kuti, "Vesi lathu lakumana ndi chiyani lero?" Mayankho a ana adzakudabwitsani.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha ndi mtima wonse kuti muzipewe. Musamenye mwana kapena kumumana nsima chifukwa walephera vesi. Mwana wotero amaloweza ndithu, koma amalowezanso mantha, ndipo akadzakula adzathawa zonse ziwiri. Komanso vesi si chithumwa. Kuliika pansi pa pilo kapena kulinena kasanu ndi kawiri sikuchiza malungo. Wodwala apite kuchipatala, vesilo limuperekeze m'njira. A zanyengo akachenjeza pa wailesi kuti madzi akubwera, samukirani kumtunda, Yesaya 43:2 mukunenera m'njira momwemo.

Banja likamachita lokha limatopa msanga, makamaka nyengo yothyola thonje kapena yodula nzimbe. Pezani banja lina la mu mphakati kapena mlaga wanu, muzifunsana mavesi mukakumana. Amayi a Mvano kapena a Dorika angapatule mphindi zisanu pa msonkhano wawo kufunsana za m'chitini chachitatu. Mukadukiza mwezi wathunthu, musayambirenso pachiyambi ndi manyazi. Tsegulani chitini chachiwiri, muone zomwe zatsalamo, zofooka zibwerere m'choyamba.

Bukulo nalo lisamalidwe. Chiswe ndi chinyezi zimadya Mabaibulo ambiri kuposa madzi osefukira. Likulungeni m'majumbo awiri, musalisiye pansi kapena kuligunditsa kukhoma la dothi. Mvula ikayandikira, m'mwezi wa Novembala, liikeni pamodzi ndi timakadi tija m'chidebe chokhala ndi chivundikiro cholimba, momwe mumasungira ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi a ana. Chidebecho chikhale pamalo okwera pafupi ndi khomo, ndipo aliyense m'nyumba, ngakhale mwana wa sitandade 3, adziwe pomwe chili.