Kutopa Kosatha ndi Chithokomiro Chofooka

Alimi anzanga, mbuzi ikabereka kamwana kofooka, kopanda ubweya ndi kotupa pakhosi, timadziwa kuti make anasowa ayodini m'zakudya. Chotupacho ndi chithokomiro. Munthu nayenso ali nacho, kutsogolo kwa khosi, ndipo phunziro la mwezi uno likukhudza ife eni makola.

Chithokomiro chimatulutsa homoni yotchedwa T4, imene imalamulira m'mene thupi limasandutsira chakudya kukhala mphamvu ndi kutentha. Chikayamba kufooka, kachiwalo kena ka pansi pa ubongo kamachulukitsa homoni ina, TSH, yochikakamiza kugwira ntchito. Pa kufooka kwapang'ono, magazi amaonetsa TSH yokwera pamene T4 ikadali yokwanira. Zili ngati ng'ombe imene ikukokabe pulawo, koma pokhapokha mkwapulo uli pamsana.

Vutoli si lachilendo. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amapeza kuti pa akuluakulu 100, pakati pa 4 ndi 10 ali nalo. Limagwira amayi koposa abambo, ndipo limachuluka munthu akapyola zaka 60. Kwa ena limadza chifukwa chitetezo cha thupi chaukira chithokomiro; kwa ena ndi kusowa kwa ayodini, amene nthaka ya maiko akutali ndi nyanja yamchere, monga Zambia, imakhala naye wochepa.

Ambiri samva chilichonse. Amene amamva, zizindikiro zake zimabwera mwakachetechete: kutopa ngakhale wagona bwino, kuzizidwa pamene ena ali thukuta, kunenepa pang'ono, kudzimbidwa, khungu louma, tsitsi kuthothoka, kuiwalaiwala ndi kusasangalala. Kwa amayi, msambo ungasokonezeke, ndipo pathupi pangavute kutenga kapena kusunga.

Apa ndi pamene timalakwirana. Mayi amene ankatsiriza mizere yake dzuwa lisanakwere akayamba kutsalira, timamutcha waulesi, kapena timati wakalamba. Komanso si kutopa konse kochokera ku chithokomiro: malungo, kuchepa kwa magazi ndi shuga zimatopetsanso. Chimene chimasiyanitsa ndi kupimitsa magazi basi.

Tsono kutopa kukapitirira miyezi popanda chifukwa chooneka, kapena khosi likatupa, pitani ku chipatala, mufunse za kupima TSH. Adokotala amabwereza kupimako pakapita miyezi 2 kapena 3, chifukwa mwa ena TSH imabwerera yokha m'malo mwake. Mankhwala a levothyroxine amaperekedwa makamaka TSH ikapyola 10, kapena kwa mayi woyembekezera. Ena amangouzidwa kubwerako chaka ndi chaka. Musagule mankhwala mwa inu nokha.

Pakhomo, tetezani banja ndi mchere wa ayodini, umene lamulo la dziko lino limafuna. Wamkulu amafunika mamaikrogiramu 150 a ayodini pa tsiku, mayi woyembekezera 250. Sungani mcherewo m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi. Musauchulukitse m'ndiwo poganiza kuti ndi mankhwala, popeza umakweza kuthamanga kwa magazi. Chinangwa chowawa chivikeni ndi kuchiumitsa mokwanira, pakuti ululu wake umalepheretsa chithokomiro kutenga ayodini.

Ntchito ya sabata ino: werengani zolembedwa pa paketi ya mchere wa kwanu. Kenaka ganizirani ngati pakhomo pali wina amene mwakhala mukumukalipira chifukwa cha kutopa, mumufunse kuti zinayamba liti.