Chuku mu Mtedza: Ntchito ya Labotale ya Boma ndi ya Mlangizi

Mtedza wogulitsidwa pa msika wa Mbare Musika mu mzinda wa Harare umakafika m'mabanja a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, kumene amaukazinga kapena kuusinja chiponde. Mtedza wosauma bwino umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Poizoniyu saoneka ndi maso ndipo satha pokazinga.

Pa chifukwa chimenechi, ogula amadalira akatswiri a labotale ya Government Analyst, ya unduna wa zaumoyo, amene amayeza zakudya motsata lamulo la Food and Food Standards Act. Bungwe la Codex lidakhazikitsa kuti mtedza wokakonzedwa m'fakitale usapyole mamaikilogalamu 15 a poizoniyu pa kilogalamu iliyonse.

Komatu labotale imangoyeza, siichiritsa mtedza woonongeka. Kupewa kumayambira kumunda. Choncho mlangizi aphunzitse alimi:

1. Kukumba mtedza ukangokhwima.
2. Kuumitsa bwino asanasunge.
3. Kusanyowetsa makoko pofuna kuswa.
4. Kusankha ndi kutaya mtedza woola ndi wofota.
5. Kusunga matumba pouma, osati pansi.