Kuwotcha Mtsempha Pofuna Kuletsa Ululu wa Msana: Funsani Kaye Musanavomere

Sabata lililonse, mkulu wa mpingo akanena kuti tigwade tipemphere, pamakhala ena amene amatsala pabenchi. Ena amagwada ndithu, koma podzuka amayamba agwira benchi yakutsogolo, nkhope itakwinyika. Si okalamba okha ayi. Pali anamwino amene akhala akunyamula odwala kwa zaka zambiri, alimi amene anakulira pakhasu, amayi osenza nkhuni ndi ndowa za madzi, ngakhalenso ophunzira okhala padesiki kuyambira m'mawa mpaka usiku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni ankavutika ndi ululu wa m'munsi mwa msana.

Ululu ukapitirira miyezi itatu, madokotala amati wasanduka wokhalitsa. Pofika apa munthu amakhala atatopa ndi panado, ndipo chilichonse chimene wamva amachigwira ndi manja awiri. Mwina m'bale wa ku Johannesburg waimba foni kuti kumeneko madokotala amangowotcha mtsempha, msana n'kusiyiratu. Posakhalitsa banja layamba kukambirana zogulitsa ng'ombe kapena puloti kuti apeze ndalama ya ulendo ndi chipatala. Chithandizocho chilipodi, ndipo dzina lake ndi radiofrequency ablation, mwachidule RFA. Koma sichithandiza aliyense, ndipo sichikonza msana. Tiyeni tione mmene chimagwirira ntchito, kuti tikafunsidwa kumudzi kapena kumpingo tiyankhe zoona.

Ululu umachokera pati?

M'munsi mwa msana, chakuchiuno, muli mafupa akuluakulu 5 osanjikizana. Pakati pa fupa ndi linzake pali kachinthu kofewa kotchedwa disiki, kamene kamagwira ntchito ngati nkhata pamutu pa wosenza katundu. Chakumbuyo, mafupawa amakumananso pa timfundo tiwiri, kena kumanzere kena kumanja. Timfundo timeneti timatchedwa facet, ndipo ndi timene timawongolera msana tikamawerama, tikamadzuka kapena tikamacheuka. Monga zimachitikira ndi bondo, timfundoti timatha kuperepeseka chifukwa cha ukalamba, ntchito yolemetsa kapena kuvulala, ndipo zikatero timapweteka.

Kuti munthu amve ululuwo, uthenga uyenera kuchoka pamfundo kukafika ku ubongo. Umayenda m'mitsempha ya mauthenga, yomwe ndi yosiyana ndi mitsempha ya magazi. Kamfundo kalikonse ka facet kali ndi timitsempha tiwiri tating'ono totchedwa medial branch. Timeneti sitiyendetsa miyendo. Ntchito yake ndi kunyamula uthenga wochokera pamfundo komanso kulamulira kamnofu kena ka mkati mwa msana kotchedwa multifidus. RFA imalunjika pa timitsempha timeneti basi. Mtsempha ukawotchedwa, mfundo imakhalabe yoperepeseka monga kale, kungoti mthenga wokanena ku ubongo watsekedwa pakamwa.

Vuto n'lakuti timfundo ta facet ndi chimodzi chabe mwa zinthu zambiri zopweteketsa msana. WHO imati mwa odwala msana 10 alionse, pafupifupi 9 madokotala satha kuloza chinthu chimodzi chenicheni chimene chayambitsa ululuwo. Ngakhale chithunzi cha X-ray kapena MRI sichithetsa nkhani, chifukwa anthu ambiri achikulire ali ndi timfundo toperepeseka koma samva kupweteka kulikonse.

Kuyesa kaye ndi jakisoni

N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito yake safulumira kuwotcha. Amayamba ndi kuyesa. Akuyang'ana pa makina a X-ray, amabaya timadontho ta mankhwala ochititsa dzanzi pamalo enieni pamene timitsempha tija timadutsa. Kenako wodwalayo amauzidwa kuti achite zimene zimamupweteka masiku onse, monga kuima nthawi yaitali kapena kupindikira chammbuyo, n'kumalemba mmene akumvera ola lililonse. Ululu ukachepa kwambiri pa maola amene mankhwalawo akugwira ntchito, n'kubwereranso mankhwalawo atatha mphamvu, ndiye kuti mwina gwero lapezeka. Ukapanda kusintha, kuwotcha mtsemphawo n'kutaya ndalama.

Madokotala ambiri amabwereza kuyesaku kachiwiri tsiku lina. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene akuyembekezera kwambiri kuchira amatha kumva bwino atangobayidwa jakisoni, ngakhale kuti ululu wake sukuchokera pamenepo. Kuyesa kamodzi kokha kumanamiza kawirikawiri.

Mmene amawotchera

Njirayi inayamba kudziwika mu 1975, pamene dokotala wa ku America, Norman Shealy, analemba za odwala amene anawathandiza motere. Mu 1979 Nikolai Bogduk wa ku Australia ndi mnzake Donlin Long anaonetsa bwinobwino pamene timitsemphati timadutsa, ndipo zimenezi zinathandiza madokotala kudziwa poika singano.

Wodwala amagona chafufumimba ali maso. Akamubaya mankhwala ochititsa dzanzi pakhungu, dokotala amalowetsa singano yapadera mpaka igundane ndi fupa pamene pagona mtsempha, uku akuyang'ana pa X-ray. Singanoyi ndi yokutidwa thunthu lonse kupatula kunsonga. Asanawotche, amatumiza timagetsi tochepa poyesa. Mwendo ukayamba kugwedezeka, ndiye kuti singano yayandikira mtsempha waukulu wopita kumwendo ndipo iyenera kusunthidwa. Ichi n'chifukwa chake wodwala sagonetsedwa tulo tofa nato: ayenera kunena zimene akumva.

Zonse zikakhala bwino, makina amatumiza magetsi osinthasintha pafupifupi ka 500,000 pa sekondi imodzi. Liwiro limeneli ndi lofanana ndi la mafunde ena a wailesi, ndipo m'pamene panachokera dzina la chithandizochi. Magetsiwo amatenthetsa mnofu wozungulira nsonga ya singano mpaka madigiri 80, kwa masekondi 60 mpaka 90. Malo opserera amakhala aang'ono, pafupifupi ngati njere ya chimanga. Dokotala amachita chimodzimodzi pa mtsempha uliwonse umene wasankhidwa, ndipo nthawi zambiri wodwala amapita kunyumba tsiku lomwelo.

Pamalopo pamapweteka kwa masiku angapo, mwinanso milungu iwiri, ndipo ena amamva dzanzi kapena kuwotcha pakhungu. Mavuto aakulu, monga kulowa kwa tizilombo kapena kuvulala kwa mtsempha waukulu, sachitikachitika koma ndi otheka. Mayi woyembekezera, munthu amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ndiponso amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda, ayenera kuuza dokotala zimenezi poyambirira penipeni.

Chinthu china chimene m'bale wa pafoni uja sanena n'chakuti mtsempha umaphukanso. Kwa amene athandizidwa, mpumulo umakhala wa miyezi 6 mpaka 12, ena kupitirirapo pang'ono. Ululu ukabwerera amatha kuwotchanso, koma imeneyo ndi ndalama ina ndi ulendo wina.

Ofufuza akuti chiyani?

Apa akatswiri sagwirizana, ndipo ndi bwino tidziwe mbali zonse. Mu 2000 Paul Dreyfuss ndi anzake ku America anasankha mosamala kwambiri odwala 15, aliyense atayesedwa kawiri ndi jakisoni. Patatha chaka, 9 mwa iwo ululu unali utachepa ndi 90 peresenti kapena kuposa. Koma gululi linali laling'ono, ndipo panalibe gulu lina loyerekezera nalo.

Mu 2017 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wamkulu wa ku Netherlands wotchedwa MINT, wa odwala 681. Onse ankachita masewera olimbitsa msana, koma ena anawonjezeredwa RFA. Patatha miyezi itatu, kusiyana kwa magulu awiriwa kunali kochepa kwambiri. Madokotala amene amagwira ntchitoyi anadandaula kuti odwalawo sanasankhidwe mosamala ndiponso singano sizinaikidwe mwa njira yabwino.

Mabungwe opereka malangizo nawonso amasiyana. Bungwe la NICE la ku England linanena mu 2016 kuti RFA ingaganiziridwe pokhapokha njira zina zosafuna opaleshoni zitalephera, ululu uli waukulu, ndipo jakisoni woyesera uja waonetsa kuti gwero lake ndi pomwepo. Mu 2025 gulu la akatswiri lolemba m'magazini ya BMJ linalangiza kuti njira zobaya ndi zowotcha msana, kuphatikizapo RFA, zisamagwiritsidwe ntchito pa ululu wokhalitsa wosachokera ku khansa, chifukwa umboni woti zimathandiza ndi wofooka. Choncho amene angakulonjezeni kuti mukawotchedwa muchiriratu akunena zoposa zimene ofufuza apeza.

Pamene kutseka ululu kuli koopsa

Ululu ndi mlonda amene Mulungu anaika m'thupi, ndipo nthawi zina amakuwa chifukwa chakuti mbala yalowadi. Kuno kwathu chifuwa chachikulu cha TB sichigwira mapapo okha. Chimalowanso m'mafupa a msana n'kumawadya pang'onopang'ono, ndipo chikachedwa kupezeka munthu amamera linunda kapena kufa miyendo. Chimachizika ndi mankhwala a TB, osati ndi singano yowotcha. Khansa yofalikira ku mafupa komanso fupa lothyoka zimayambanso ngati ululu wamba wa msana.

Pitani kuchipatala msanga ngati msana ukupweteka limodzi ndi kuwonda, kutentha thupi kapena thukuta la usiku. Ngati ululu sukuleka ngakhale mutagona. Ngati munagwa kapena kuchita ngozi. Ndiponso ngati munadwalapo khansa kapena muli ndi HIV. Koma miyendo ikayamba kufooka, pakati pa miyendo pakachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikayamba kutuluka mosadziwa kapena kukanika kutuluka, musadikire kuti kuche kapena Sabata lithe. Pitani nthawi yomweyo.

Kwa ambiri amene alibe zizindikiro zimenezi, chithandizo choyamba chili pafupi. Malangizo a WHO a mu 2023 amalimbikitsa kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewera olimbitsa thupi, mafizo ndi kusisita, uphungu wothandiza maganizo, komanso mankhwala monga ibuprofen kwa nthawi yochepa. Salimbikitsa malamba omanga m'chiuno kapena mankhwala amphamvu a gulu la morphine. Dziwaninso kuti ibuprofen ndi diclofenac zikamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi zimayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Ngakhale amene wawotchedwa mtsempha n'kupeza mpumulo, miyezi imeneyo ndi mwayi woti ayende ndi kulimbitsa minofu ya msana, osati wobwerera kukanyamula matumba a feteleza monga kale.

Nanga ife okhulupirira?

Pa Maliko 5 timawerenga za mayi amene anadwala zaka 12, nawononga chuma chake chonse kwa asing'anga ambiri, koma matenda ankangokula. Munthu wotopa ndi ululu savuta kum'dyera. Kufunsa mafunso musanapereke ndalama si kusowa chikhulupiriro, ndi ukapitawo wabwino pa thupi ndi pa chuma cha banja. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani dokotala kuti wadziwa bwanji kuti ululu ukuchokera m'timfundo ta facet, ngati ayamba ndi jakisoni woyesera, kuti mtengo wonse ndi zingati kuphatikizapo kubwereza, ndiponso chimene chidzachitike chithandizocho chikapanda kugwira.

Komanso tisaganize kuti kulandira chithandizo chamakono n'kukayikira Mulungu. Ellen White, amene m'buku lake la 1905 la The Ministry of Healing anatsindika za mpweya wabwino, dzuwa, madzi, kupuma, kulimbitsa thupi, chakudya choyenera, kudziletsa ndi kudalira Mulungu, analandiranso chithandizo cha X-ray mu 1911 chifukwa cha kabanga kamene kanali pamphumi pake. Mpingo umene unamanga chipatala cha Malamulo ku Thyolo sungaphunzitse anthu kuthawa dokotala.

Pa Luka 13 pali mayi wina amene msana wake unali wopindika kwa zaka 18. Ankabwerabe ku sunagoge. Yesu anamuona, namuitana, namuchiritsa tsiku la Sabata, ndipo pamaso pa onse anamutcha mwana wa Abrahamu. Ife sitingawongole msana ndi mawu, koma kuona tingathe. Amene watsala pabenchi nthawi ya pemphero sakunyoza Mulungu. Madikoni angamupezere mpando wotsamira. Achinyamata angapite Lamlungu kukamutungira madzi ndi kumuwazira nkhuni. Ndipo inu amene mukuphunzira za umoyo, banja likakufunsani ngati ligulitse ng'ombe, khalani nawo pansi muwafotokozere zimene singanoyo ingathe ndi zimene singathe.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani dokotala ayenera kuyamba ndi jakisoni woyesera asanawotche mtsempha, ndipo n'chifukwa chiyani ambiri amayesa kawiri?

2. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti ululu wa msana ukufunika chipatala msanga. Ndi ziti zimene siziyenera kudikira ngakhale usiku umodzi?

3. Akatswiri akamasiyana maganizo pa chithandizo, mungamulangize bwanji kholo lanu popanda kumunamiza komanso popanda kumutayitsa mtima?

4. Mumpingo mwanu ndani amene amavutika kugwada kapena kukhala nthawi yaitali, ndipo kalasi yanu ingamuchitire chiyani mlungu uno?