Za Galasi Loonera Tizilombo ta Malungo

Mwana akatentha thupi usiku, amake amazindikira msanga pomukhudza pamphumi. Koma dzanja la mayi limangodziwa kuti thupi latentha. Silingathe kunena chimene chalitenthetsa. Ngakhale dotolo wophunzira kwambiri sangachione ndi maso ake okha, pakuti kutentha thupi kumadza ndi nthenda zambiri, monga malungo ndi chibayo, ndipo nthenda iliyonse ili ndi mankhwala akeake. Mwana wodwala chibayo akamwetsedwa mankhwala a malungo, masiku amangopita pachabe, nthenda ili kukulirakulira, ndipo mwanayo akhoza kufa.

Chifukwa cha ichi m'chipatala mumakhala chipangizo chotchedwa mayikulosikopu. Ndicho chitsulo chonga chitoliro, chokhala ndi magalasi angapo m'kati mwake. Munthu akasuzumira m'menemo, kanthu kakang'onong'ono kamaoneka kokula kufikira nthawi 1,000.

Kale anthu a ku Ulaya ankayesa kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo, ndipo dzina lakuti malaria, m'chinenero cha ku Italy, limatanthauza mpweya woipa. Sanalakwe ponena za madambo, koma sanadziwe chimene chinali kutuluka m'madambomo. M'chaka cha 1880 dotolo wa asilikali a ku France, dzina lake Alphonse Laveran, anali kugwira ntchito ku Constantine, m'dziko la Algeria. Iye anatenga dontho la magazi a msilikali wodwala malungo, naliika pansi pa galasi lake, naonamo tizilombo tamoyo tili kugwedezeka. Madotolo ambiri anayamba akana mawu ake, kufikira iwonso atationa. Tsono funso linatsala lakuti, tizilomboti timalowa bwanji m'thupi? Ronald Ross, dotolo wa ku Britain, anatumbula udzudzu wambirimbiri ku India, mmodzimmodzi, maso ali pagalasi masiku ambiri, ndipo m'chaka cha 1897 anatipeza m'mimba mwa udzudzu umene unaluma munthu wodwala. Pamenepo zinadziwika kuti dambo limabala udzudzu, ndi kuti udzudzu ndiwo umanyamula nthenda.

Ntchito yoyeza magazi imachitika motere. Woyeza amapukuta chala cha wodwala, nachibaya ndi kasingano katsopano, nadontheza magazi pakagalasi kopyapyala. Magaziwo akauma, amawathira mankhwala opatsa mtundu, kuti tizilombo tioneke tosiyana ndi magazi. Kenaka amayang'ana mofatsa, nawerenga tizilombo timene aona. Tikachuluka kwambiri, dotolo amadziwa kuti mwana ali pangozi, ndipo amamugoneka m'chipatala. Tikapanda kuoneka, dotolo amafunafuna nthenda ina, nthawi isanathe.

Masiku ano kulinso kachipangizo kena kakang'ono, kopepuka ngati supuni, kamene kamaonetsa timizere pakapita mphindi 15 kapena 20 ngati m'magazi muli malungo. Kameneka kamafika ndi ku zipatala za kumidzi kumene kulibe magetsi, ndipo m'chaka cha 2010 bungwe loyang'anira zaumoyo pa dziko lonse linalangiza kuti munthu aziyamba wayezedwa asanalandire mankhwala a malungo. Komatu kachipangizoko sikawerenga tizilombo, ndipo kamadziwa nthenda imodzi yokha. Mayikulosikopu ndiye amaonanso mazira a likodzo mumkodzo, mazira a njoka zam'mimba m'chimbudzi, ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu m'makhololo.

Chipangizo chotere nchamtengo wapatali, ndipo sichichedwa kuwonongeka. Fumbi la m'chilimwe limakanda magalasi ake, ndipo chinyezi cha m'dzinja chimameretsa chuku pamenepo, kotero kuti woyeza amangoona chifunga. Nchifukwa chake woyeza wosamala, akaweruka madzulo, amapukuta magalasiwo ndi kapepala kofewa, osati ndi nsonga ya malaya ake, navundikira chipangizocho, nachisunga m'bokosi louma kufikira m'mawa.