Kilachi ndi Kiki Zikavuta pa Njinga Yamoto

Njinga zamoto zazing'ono zachuluka m'midzi mwathu. Ena amanyamulira mbewu, ena amachitira kabaza. Koma tsiku lina mumaponda kiki, njinga osalira. Mwina ndi usiku, ndipo pali wodwala wofunika kupita naye kuchipatala. Kodi mungatani?

Musathamangire kumasula injini. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono, ndipo limakhala kunja. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi zimene maso anu akuona.

Kodi kilachi imagwira bwanji ntchito?

Kilachi ndi mbale zopyapyala zimene zili m'kati mwa injini. Mbalezi zimakhala mu oyilo, ndipo masipuling'i amazipanikiza pamodzi. Zikagwirana, mphamvu ya injini imafika ku tayala la kumbuyo. Mukafinya chogwirira cha kumanzere, waya amakoka ndipo mbale zija zimalekana. Apo ndi pamene mumasintha giya.

Kilachi ikamaterereka

Mudzamva injini ikulira kwambiri koma njinga osathamanga, makamaka pa chitunda kapena mutanyamula katundu. Mbale zija sizikugwirana bwino.

Poyamba gwedezani chogwirira ndi chala. Chiyenera kuyenda chokha pang'ono musanamve kulimba. Pa njinga zambiri nsonga yake imayenda mamilimita 10 mpaka 20. Uku ndi kukula ngati kwa chala chanu. Ngati sichikugwedera n'komwe, waya wakungika kwambiri. Pamene waya walowera m'chogwirira pali nati ndi kabawuti koboola. Masulani natiyo, lowetsani kabawutiko m'kati pang'ono, ndipo mangani natiyo.

Kachiwiri ganizirani za oyilo amene munathira. Oyilo wina wa galimoto amaterera kwambiri, ndipo amatereretsa kilachi. Pogula oyilo wa njinga, werengani pa botolo. Funani malemba awa: JASO MA.

Ngati waya ndi oyilo zili bwino koma vuto likadalipo, mbale zatha. Pitani kwa makaniko akaike zina.

Kilachi ikamakana kulekana

Mwafinya chogwirira, koma polowetsa giya njinga ikudumpha ndi kuzima. Nyutulo nayo ikuvuta kuipeza. Apa waya wakhwefuka kwambiri. Tulutsani kabawuti kaja kunja pang'ono. Onaninso nsonga za waya. Ngati timawaya tina taduka, gulani waya wina asanakudukireni panjira.

Njinga ikakhala miyezi yambiri osayenda, mbale zimamatirirana. Injini ili chizimire, lowetsani giya, finyani chogwirira, ndipo kankhani njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Kawirikawiri mbale zimamasuka.

Kiki ikapepuka

Mwaponda, phazi langopita pansi popanda kulimba. Weramani muone pamene kiki yagwira chitsulo chotuluka mu injini. Kanikizani ndi dzanja. Ngati kiki ikutsika koma chitsulocho sichikuzungulira, bawuti yamasuka. Imangeni ndi sipanala lero lomwe. Mukazengereza, mano a chitsulocho adzatha. Musalole kuti wina awotcherere kiki pa chitsulocho. Tsiku lofuna kutsegula kilachi, chivundikiro sichidzachoka mpaka mutadula.

Nanga ngati chitsulo chikuzungulira koma injini ili duu? Dziwani kuti pa njinga zina zazing'ono mphamvu ya kiki imadzera mu kilachi. Kilachi ikamaterereka, kiki nayo imangopita pachabe. Anthu ambiri amagula zida za kiki, pamene wolakwa ndi waya wokungika. Choncho ikani nyutulo, siyani chogwirira, yesani waya uja, ndipo pondaninso. Onaninso ngati pulagi yamangika bwino. Pulagi yomasuka imatulutsa mpweya, ndipo kiki imapepuka.

Kiki ikapanda kubwerera m'mwamba

Sipuling'i ya m'kati yaduka kapena yachoka pamalo pake. Ikwezeni ndi dzanja ndi kuimanga ndi mphira kuti isakoke pansi poyenda. Imeneyi ndi njira yongokufikitsani kwa makaniko.

Kiki ikalimba gwa

Musaidumphire ndi thupi lonse. Mungathyole mano a m'kati, ngakhale kuvulala mwendo. Onani ngati muli mu nyutulo. Chotsani pulagi ndi kukanikiza kiki ndi dzanja. Ikakanabe, vuto lili m'kati mwa injini. Imeneyo ndi ntchito ya makaniko.

Pa nthawi ya ngozi

Ngati kiki yafa koma kilachi ili bwino, njinga ikhoza kulira poikankha. Yatsani kiyi, ikani giya yachiwiri, finyani chogwirira. Mnzanu akankhe. Njinga ikayamba kuthamanga, siyani chogwiriracho.

Kumbukirani: m'mawa uliwonse musanakwere, gwedezani chogwirira cha kilachi, onani oyilo, ndipo gwirani bawuti ya kiki. Ntchito imeneyi sitenga nthawi, koma idzasunga ndalama zanu.

Mafunso

1. Kodi nsonga ya chogwirira iyenera kugwedera mamilimita angati?
2. Lembani malemba amene muyenera kufuna pa botolo la oyilo.
3. Chifukwa chiyani si bwino kuwotcherera kiki?
4. Kambiranani ndi anzanu: kodi waya wa kilachi angalepheretse bwanji kiki?